Kusaka linga la Lilongwe

Minibasi ikamaitanira ku Area 25, ku Likuni, kwa Chinsapo kapena ku Kawale kuti "Tauni! Tauni!", palibe amene amafunsa kuti tauni yake iti. Aliyense amadziwa kuti akatsikira ku depoti, pafupi ndi msika waukulu, m'fumbi la mu Malangalanga. Boma linasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, linamanga maunduna pa Capital Hill, linalambula malo ena n'kuwatcha City Centre, koma mapazi a anthu anakana kulondola. Mpaka lero wofuna nsalu ya chinkhoswe, loko wa pachitseko, usipa wa ku Salima kapena matayala a njinga amatsikira ku Old Town.

Ulendo wanga wapansi unayambira kumeneko, m'mwezi wa Okutobala, jakaranda atachita maluwa, dzuwa litayamba kuluma anthu asanamalize n'komwe kumwa tiyi. Amene anandiputa ndi atelala ena achikulire omwe amasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Area 2, chapafupi ndi mzikiti waukulu. Kwawo ndi ku Mangochi, ndipo chibwerereni ku Makka msewu wonse umangowatchula kuti a Haji. Tsiku lina ndikudikira kuti andipindire thalauza, anandisimbira kuti atatsiriza mapemphero anawatengera ku dera lakale la mzinda wa Jeddah, podikira ndege yobwerera.

"Achimwene, ndinangoti ndafika ku Area 2," anatero, phazi lili pa makina, maso ali pa singano. "Tinjira topanikiza, masitolo ogundana misana, fungo la zokometsera ndiwo, wina akukukoka dzanja kuti ugule. Koma anzathuwo mzinda wawo unali m'linga. Ife kuno linga tilibe."

Ndinawafunsa ngati akunenetsa. Anaseka, n'kudula ulusi ndi mano. "Ngati lilipo, kalipezeni."

Dera limene a Haji ankanenalo eni ake amalitcha Al-Balad. Jeddah ndi doko la pa Nyanja Yofiira, ndipo kuyambira cha m'ma 647, m'nthawi ya Khalifa Uthman, ndi pamene anthu obwera pa zombo ankatsikira popita ku Makka. Linga lake lotchuka linamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, Apwitikizi atazungulira kumwera kwa Africa n'kuyamba kuvutitsa zombo za amalonda achisilamu. Ndi Apwitikizi omwewa amene patapita zaka zingapo anakwera mtsinje wa Zambezi n'kukhazikika ku Sena ndi ku Tete, pakhomo penipeni pa Amaravi. Mu 1517 anafikadi pa Jeddah ndi zombo zankhondo, koma anabwerera osalowa. M'kati mwa lingalo munali madera anayi, al-Sham, al-Yaman, al-Mazlum ndi al-Bahr. Nyumba ankamanga ndi miyala ya m'nyanja, zosanjikizana kangapo, mazenera atatchingidwa ndi matabwa osemedwa mwaluso kuti mphepo izilowa koma wodutsa mumsewu asaone amayi ali m'kati. Zipata zina zinkatchedwa malinga ndi kumene njira ikulowera, china cha ku Makka, china cha ku Madina, ndipo usiku ankazitseka. Mu 1947, ndalama za mafuta zitayamba kulowa, linga lonselo analigwetsa kuti mzinda ukule. Mabanja olemera anasamukira ku nyumba zamakono, zakalezo zinatsalira alendo osauka n'kuyamba kugumuka, mpaka eni dziko anadzidzimuka n'kuyamba kuzikonza. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika Al-Balad pa mndandanda wa malo a mbiri oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi.

Tisaukometse kwambiri mzinda wa eni. Kunja kwa linga la Jeddah kunali zisakasa za osauka ochokera ku Africa amene anapita ku Haji n'kukanirira komweko, ndipo m'kati mwake munkagulitsidwa anthu. Ukapolo ku Saudi Arabia unathetsedwa mu 1962. Njira ina ya malonda oipawo inkayambira kwathu konkuno. Ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika cha m'ma 1840, anthu ankawaolotsa nyanja n'kuwayendetsa mpaka ku Kilwa, ena ku Zanzibar, ena n'kukathera ku Arabia. Malo amene Jumbe ankakhala mpaka lero amatchedwa Linga. Achewa a kumtunda kuno nawonso linga ankalidziwa bwino. M'zaka zimene Angoni ndi ogula akapolo ankasakaza midzi, anthu ankazika mitengo n'kuunjika dothi kuzungulira mudzi wonse, n'kumagona m'kati pamodzi ndi mbuzi ndi nkhokwe zawo. Linga la mtundu umenewo, kaya la miyala kaya la mitengo, linali ndi khalidwe limodzi: linkakuta anthu ambiri nthawi imodzi. Mfumu ndi mlenje, mwini katundu ndi womusenzera, onse ankalowera pa chipata chimodzi, ndipo chikathyoka onse ankalira limodzi.

Lilongwe anabadwa malinga atayamba kutha ntchito. Mbiri imatchula mfumu Njewa pa kukhazikitsidwa kwa boma pano mu 1902, ndipo pofika 1904 atsamunda anali akuyendetsera dera lonse lozungulira kuchokera m'mbali mwa mtsinjewu. Amwenye sanachedwe kufika ndi nsalu, mchere, mikanda ndi makasu. Malo anagawidwa mosabisa: azungu ndi maofesi awo kutsidya la kumadzulo, pokwera, amwenye, msika ndi anthu akuda kutsidya la kum'mawa, mtsinje wa Lilongwe pakati. Ulemu wokhala tauni unabwera mu 1947, chaka chomwe chija Jeddah ankagwetsa linga lake.

Woyenda mu Area 2 ndi maso otsegula angathe kuwerenga zakalezo pa makoma, ngakhale kuti zikwangwani za makampani a foni ndi za penti zaphimba zambiri. Masitolo akale ndi aafupi, a malata adzimbiri, okhala ndi khonde lalitali la nsanamira zonenepa. Khondelo silinali lokongoletsera. Ndi pamene wochokera kumudzi ankatula mtolo n'kupuma, ndi pamene telala ankakhala kuti wogula nsalu m'kati asapite nayo patali, ndipo mpaka pano makina a Singer ndi a Butterfly akulirabe pamenepo. Banja la mwini sitolo linkakhala kuseri kwa sitolo yomweyo, khomo la kuchipinda lili kumbuyo kwa kauntala. Ndinalowa mu imodzi. Mdima wake unali wozizira bwino, fungo la nsalu zatsopano litasakanikirana ndi la lubani. Mnyamata wantchito anakwera makwerero kukatsitsa mpukutu wa chitenje, n'kuutambasula pa kauntala ya thabwa imene m'mphepete mwake munatha kusalala ndi zigongono za ogula. Anayeza pa ndodo yokhomeredwa pa kauntalapo, n'kutema pang'ono ndi sizasi, kenako kwee! kung'amba ndi manja, mzere woongoka ngati wachita kujambula. Mwini sitolo sanadzuke pa mpando wake wa pafupi ndi ndalama. Anangokweza maso, n'kutchula mtengo m'Chichewa chosalala kuposa cha ana ambiri a kumayadi.

Mabanja ena a amwenye a muno anachokera m'matauni ang'onoang'ono akumidzi. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linawalamula kuti achoke kumeneko n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo pofika 1978 masitolo awo akumidzi anali atatsekedwa. Area 2 inafufuma. Lero muli Matchaina, Maburundi, anthu a ku Nigeria ndi a ku Pakistan, ndi Amalawi amene amakapikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Azana ikaitana masana a Lachisanu, zitseko zambiri zimatsekedwa, ndipo msewu wa pa mzikiti umadzaza mikanjo yoyera. Chakuseri kwa depoti kuli Devil Street, imene dzina lake silifuna womasulira. Masana imaoneka yofatsa, yogulitsa matumba ndi zitsulo, ndipo ine ndinaidutsa masana.

Chimene chinandiwawa n'chakuti palibe amene akusunga nyumba zakalezi. Pakati pa masitolo awiri a khonde upeza dzenje lalikulu lotchingidwa ndi malata, mawa lake pamera nyumba yosanja ya magalasi abuluu, yopanda khonde, yopanda pokhala telala kapena mayi wogulitsa mtedza. Sindinaone chikwangwani ngakhale chimodzi chouza mwana wasukulu kuti mzinda wake unayambira pano. Anthu a ku Jeddah anachedwa kuzindikira, nyumba zambiri zitagwa kale, koma anazindikirabe. Ife tikugwetsa tikuseka, poganiza kuti mbiri ndi ya ku Zomba ndi ku Mandala kokha.

Ndinadutsa pa chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu akuchitchulabe kuti Bottom. Dzinalo linali ndi mnzake, Top, chipatala cha azungu chakumtunda. Panja panali amayi odikirira odwala, mapoto ndi mitolo ya nkhuni zili pambali, ena akuyanika matewera pa udzu. Kuchoka apo njira yodziwika yoolokera ndi mlatho waukulu wa pa Kamuzu Procession Road, pamene galimoto zimangokwawa ndipo munthu amayenda dzanja lili pa thumba. Ine ndinatsikira kumunsi, kumene msika wa kaunjika wa Tsoka umayang'anizana ndi wa ndiwo zamasamba wa Lizulu, mtsinje uli pakati. Pamenepo anyamata anamanga milatho yawoyawo ya mitengo ya bulugama ndi zidutswa za matabwa, yoti ukaponda imanjenjemera, madzi akuda akuoneka m'mipata. Kumapeto kwake kumakhala mwini mlatho, dzanja lili tambasu. "Yoolokera, bigi." Ndinapereka kandalama kanga. Kumbuyo kwanga kunali mayi atasenza dengu la tomato, mwana kumsana, akuyenda pa matabwawo mosayang'ana n'komwe pansi. Mvula ikakula mtsinje umakokolola milathoyi, ndipo madzi akaphwa eni ake amamanganso. Chimenecho ndicho chipata choyamba chimene ndinachipeza mu Lilongwe, ndipo wochimanga ndi wolipira onse ndi osauka.

Kutsidya mpweya umasintha msanga. Area 4 ndi ya mabanki, masitolo akuluakulu, positi ofesi ndi anyamata a ziboliboli amene amathamangira mzungu aliyense wotsika galimoto. Ukakwera pang'ono wafika ku Area 3, kumene kunali mtima wa boma la atsamunda: bwalo la gofu, tchalitchi cha Anglican cha St Peter's, nyumba zakale za njerwa zofiira pansi pa mitengo ikuluikulu. Chimene chinamanga zonsezi ndi fodya. Mu 1920 A. F. Barron anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, iye ndi mnzake R. W. Wallace n'kumagawira mbewu alimi a m'midzi kuti azilima fodya wowamba ndi utsi n'kumawagulitsa iwowo. Ulimiwo unafalikira mofulumira kwambiri mu Lilongwe ndi Dowa moti mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziuyang'anira. Ndalama za fodya zinkathera pa makauntala a kutsidya lija. Komabe tauniyo inali yaing'ono. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 19,425 okha, ochepa kuposa amene angadzaze theka la bwalo la mpira la Bingu.

Kamuzu ankakonda kunena kuti maganizo osamutsa likulu anawalota ali m'ndende ku Gwelo, pamodzi ndi a yunivesite ndi a msewu wa m'mbali mwa nyanja. Mfundo yake inali yomveka: chuma chonse chinaunjikana kumwera, ndipo likulu la pakati likanakokera chitukuko kuchigawo chapakati ndi kumpoto. Mu 1965 anagamula. Angerezi anakana kupereka ndalama, ponena kuti dziko losauka lili ndi zina zofunika msanga. Amene anavomera ndi boma la tsankho la South Africa, limene Malawi anakhazikitsa nalo ubale wa akazembe mu 1967, mayiko ena a mu Africa akuipidwa nazo. Mu 1968 linabwereketsa ndalama zokwana marandi 8 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation, imene aliyense ankaitcha CCDC, kuti imange mzindawo. Pulani yoyamba inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko, Gerke ndi Viljoen. Inasinthidwa mwina ndi mwina pambuyo pake, koma fupa lake linatsala: mzinda wotambalala, wa mitengo yambiri, wogawidwa zigawo zinayi, Old Town, Capital Hill, Kanengo wa mafakitale ndi Lumbadzi wa bwalo la ndege, ndipo dera lililonse lili ndi nambala ndi mtundu wa anthu oyenera kukhalamo. Manambalawo ankaperekedwa mosatsata kuyandikana, n'chifukwa chake Area 10 imagundana ndi Area 43, ndipo mlendo wofuna Area 11 pafupi ndi Area 9 amasochera.

Zonsezi munthu angaziwerenge m'mabuku. Kuti azimve, ayende wapansi pa msewu umene unkatchedwa Kenyatta Road kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre nthawi ya masana mu Okutobala. Msewuwu anaukuza posachedwapa, mitengo yambiri ya m'mbali inagwa, ndipo galimoto zimathamanga mosangalala. Wapansi amangoyenda, thukuta lili kamukamu, osaona sitolo, osaona khonde, osaona pogula madzi kupatula kwa mwana amene wakhala pansi pa mtengo ndi chidebe cha mafiriziz. Kenako pamabwera nkhalango ya Nature Sanctuary, imene mtsinje wa Lingadzi umadutsamo, yosiyidwa dala pakati pa mzinda wakale ndi watsopano. Ndi malo okongola, ndipo sindikufuna kuti wina awadule. Anyani amaoloka msewu, mbalame zimalira ngati uli ku Dzalanyama. Koma ndili pa mlatho wa Lingadzi, miyendo itayamba kulemera, ndinazindikira kuti ndakhala ndikuyenda pamwamba pa linga kwa ola lathunthu. Ojambula mzindawu sanafune miyala. Anagwiritsa ntchito mtunda. Anaika makilomita a tchire, madambo ndi mitsinje pakati pa msika ndi maunduna, pakati pa Kawale ndi Area 10, ndipo anakankhira malo a anthu wamba monga Area 25 kutali kumpoto, kufupi ndi mafakitale. Kwa mwini galimoto mtunda umenewu ndi mphindi khumi za kamphepo kayaziyazi. Kwa mesenjala wa ku Capital Hill wokhala ku Area 23 ndi minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, ndipo pakati pa mwezi ndalama zikatha ndi kudzuka tambala woyamba. Akatswiri amene anaphunzira ntchito yawo m'dziko la Soweto ankadziwa bwino zimene malo opanda kanthu amachita.

Sindikunena kuti Kamuzu anamanga mzinda wa tsankho la khungu. Amene analowa m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 12 ambiri anali Amalawi, alembi aakulu a maunduna ndi nduna, pamodzi ndi akazembe ndi azungu a mabungwe. Chimene chinasintha n'chakuti mzere umene kale unkalekanitsa Top ndi Bottom tsopano unkatsata malipiro.

City Centre sinandisunge nthawi yaitali, chifukwa siisunga aliyense. Pali nyumba zooneka bwino: ya Reserve Bank imene imakula chokwera m'mwamba, Kang'ombe House, Nyumba ya Malamulo imene Matchaina anamanga n'kutsegulidwa mu 2010, nyumba ya misonkhano ya BICC pambali pake, ndi chiliza cha Kamuzu chimene chinatsegulidwa mu 2006, iye atamwalira mu 1997. Pakati pa nyumbazi pali udzu wouma ndi malo oimika galimoto. Moyo umaoneka 12 koloko, amayi akafika ndi mabeseni ndi makontena a nsima, nkhuku yachikuda, nyemba ndi chisoso, n'kukhala pansi pa mitengo kuseri kwa maofesi. Pamenepo upeza wa tayi ndi wa yunifolomu ya ulonda akusamba m'manja pa jagi imodzi. Ndinadya nawo. Amayi amene anandigawira anati amaphikira ku Kauma ndipo amabwera ndi kabaza. Ikakwana 5 koloko onse amabalalika, ndipo pofika 7 malo amene anawatcha pakati pa mzinda amatsala ndi alonda ndi agalu.

Kumayadi ndinalowa dzuwa litapendeka. Ku Area 10 ndi Area 43 misewu ndi yokhotakhota, yamthunzi, yabata moti umamva nsapato zako. Nyumba sindinazione. Ndinaona mipanda: ya njerwa zowotcha, ya mabuloko a simenti, ina yopakidwa penti yoyera, ina yokutidwa ndi maluwa ofiirira, yonse yotalika kuposa munthu atakweza dzanja. Pamwamba pa yakale pali mabotolo oswa omatidwa ndi simenti, obiriwira ndi akhofi, ena akuonekabe khosi la botolo la Carlsberg. Pa yatsopano pali waya wa lumo wopotanapotana, kapena mizere ya waya wamagetsi yokhala ndi kachikwangwani kachikasu kojambulidwa dzanja ndi mphezi. Geti lililonse ndi lachitsulo, lopanda mpata, lokhala ndi kabowo kamodzi kotsegukira m'kati, ndipo pambali pake pali chikwangwani cha kampani ya alonda ndi chithunzi cha galu. Akuluakulu amene anaona madera amenewa akumangidwa amakumbukira kuti poyamba nyumba zambiri zinali ndi mipanda ya maluwa kapena ya waya, yoti wodutsa ankaona ana akusewera pa kapinga. Makoma anakwera m'zaka za m'ma 1990, umbava wa mfuti utachuluka, ndipo sanatsikenso. Sindingamudzudzule munthu amene anagonekedwapo pansi ndi achifwamba ana ake akuona. Koma wina akakweza khoma lake, mnzake woyandikana naye amaona kuti lake lafupika, ndipo bilidala amaitanidwanso.

Ndiye linga lilipo, ndipo si limodzi. Alipo mazanamazana, lililonse likukuta banja limodzi, galimoto ziwiri ndi thanki ya madzi. Ku Jeddah wakuba akalowa mumzinda, mzinda wonse unkadzuka. Kuno alamu ikalira pa nyumba ina, oyandikana nayo amazimitsa magetsi n'kusuzumira pa katani, podikira galimoto ya kampani. Ambiri sadziwa dzina la munthu amene agawana naye khoma zaka khumi. Odziwana ndi alonda, ogwira ntchito m'nyumba ndi osamalira maluwa, amene amabwerekana machesi ndi mchere kudzera pa geti.

Kabowo ka geti lina kanatseguka nditaima kuyang'ana mtengo wa mbawa. Munatuluka diso, kenako mawu.

"Mukufuna nyumba ya ndani, bambo?"

"Ayi, madala, ndikungoyenda."

"Kungoyenda?" Geti laling'ono linatseguka, n'kutuluka bambo wa imvi, jekete lalikulu lili m'manja ngakhale kunali kotentha, pokonzekera kuzizira kwa m'bandakucha. Anandiyang'ana nsapato, n'kuyang'ana m'manja ngati ndanyamula envelopu yofunsira ntchito. "Kuno anthu sangoyenda. Othamanga okha, m'mawa, atavala zothina." Titacheza pang'ono anandiuza kuti kwawo ndi ku Dedza, amakhala ku Kauma, ndipo pa geti limenelo apangapo zaka zambiri koma pabalaza pa bwana wawo sanakhalepo pansi. Sananene modandaula. Anandilozera njira yachidule yodzera ku Area 12.

Pulani ya 1968 inali ya mzinda waudongo, koma inaiwala kufunsa kuti ochapa, ophika ndi olondera adzagona kuti. Anthu anayankha okha. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000. Wa 1998 anapeza oposa 440,000. Wa 2018 anapeza 989,318. CCDC inathetsedwa mu 1984, ndipo mzinda unapitiriza kukula mosaipempha chilolezo. Dera lililonse la mayadi linamera mnzake kumbali: Mtandire pafupi ndi Area 47, Kauma kuseri kwa Area 12, Chinsapo cha ku Likuni. Ambiri mwa anthu a mu Lilongwe amakhala m'malo otere, ndipo ndi iwo amene m'mawa uliwonse amadzaza misewu ya kumayadi, ali pa mzere m'mbali mwa makoma, kudikira kuti kabowo katseguke.

Phula linathera pa khoma lomaliza la Area 12, ndipo fumbi linayamba pomwepo. Ku Kauma phokoso linandilandira ndisanaone nyumba: wailesi, chigayo, ana, mlaliki wa pa sipika, mafuta akulira pa chiwaya. Amayi anali pa mzere pa kiyosiki ya madzi, zidebe zitandandalikidwa kusunga malo. Njira ndi zopapatiza, zokhota pamene mwini nyumba anafuna, makomo akuyang'anizana, wina akusenda mbatata pakhonde uku akucheza ndi mnzake wa tsidya la njira. Mwa malo onse amene ndinadutsa tsikulo, kuno ndi ku Area 2 n'kumene kunafanana ndi tinjira ta a Haji.

Chakumapeto kwa njira ina ndinapeza bilidala ali pa ntchito, chingwe chitakokedwa, matope a dothi ali mu wilibala. Ankamanga mpanda kuzungulira nyumba ya zipinda ziwiri imene inalibe pulasitala, mazenera ake atatsekedwa ndi njerwa zosamata. Mpandawo unali utafika kale m'chifuwa.

"Mwayamba mpanda nyumba isanathe, amisiri?"

"Eni ake atero," anayankha osasiya kuyala njerwa. "Akuti mawindo adikire. Alendi masiku ano akamafuna nyumba, funso loyamba ndi lakuti ili mu fensi? Ikakhala mu fensi, lendi imakwera."

Anati kumayadi anamangako mipanda yambiri, ndipo kumeneko tsopano akufuna mabuloko a simenti, chifukwa boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kupulumutsa mitengo. Kuno njerwa ndi za uvuni wa kudambo, matope ndi a dothi la pompo, simenti ndi ya mzere wapamwamba wokha. Ndinamufunsa kuti pamwambapo adzaika chiyani, poti waya wamagetsi ndi wodula ndipo magetsi ake kulibe. Analoza ndi chipande chake pakona ya bwalo, pamene panali thumba la feteleza lodzaza mabotolo, n'kuitana mwana wa eni nyumba kuti abwere ndi hamala ayambe kuswa.